Gulani Fungo, Dzina Lisiyeni: Malangizo kwa Abambo a ku Nangongwe Ofuna Pefyumu Wabwino Motchipa

Mwamuna amene wasamba, wasita malaya ndi kupukuta nsapato amafunanso kuti akamadutsa anthu amve kafungo kabwino, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Amene akupita kukafunsira ntchito ku Nitrogen Chemicals of Zambia kapena ku Kafue Steel, amene akuperekeza mkwati Loweruka, ngakhale amene akukwera minibasi yodzaza m'mwezi wa Okutobala, akudziwa kuti fungo la munthu limayamba kufika mwini wake asanapereke moni. Chovuta ndi mtengo. Botolo la mamililita 100 la Creed Aventus limagulidwa madola oposa 400 a ku America, ndipo Dior Sauvage imapitirira madola 100. Mukasintha ndalamazo kukhala makwacha, muona kuti bambo wa ku Nangongwe akhoza kulipira nyumba ndi kugula matumba a ufa n'kutsalabe ndi chenji. Mfundo yanga ndi imodzi: chimene anthu amamva pathupi panu ndi fungo, dzina limatsala pa botolo kunyumba. Fungolo mungalipeze motchipa ndiponso mwachilungamo, bola mudziwe kusiyanitsa pefyumu wofananira ndi pefyumu wachinyengo, uja tonse timamutcha gong'a.

Tiyambe taona chimene chimakweza mtengo. Mafungo ambiri otchuka amasakanizidwa ndi makampani ochepa amene mayina awo salembedwa pa mabotolo: Givaudan, dsm-firmenich, IFF ndi Symrise. Makampani amenewa amagulitsa zosakaniza kwa odula ndi otchipa omwe. Fungo lamphamvu lija la Sauvage, imene inatuluka mu 2015, limachokera kwambiri ku mankhwala otchedwa ambroxan, amene amapangidwa m'fakitale ndipo kampani iliyonse ingathe kuwagula. Masiku ano kulinso makina opimira amene amaphwanya madzi a pefyumu n'kuonetsa zambiri zimene zili m'katimo, choncho chinsinsi cha fungo sichikhalitsa. Ndalama zanu zambiri zimapita kwina: kwa munthu wotchuka ngati Johnny Depp amene nkhope yake imaitanira malonda a Sauvage, ku botolo lokongola, ku lendi ya shopu ya ku Manda Hill kapena East Park, ku msonkho wa pachipata ndi ku VAT ya 16 peresenti. Zonsezi ndi ndalama zenizeni, koma palibe chimodzi mwa izo chimene chimanunkhira pakhosi panu.

Choyamba, tchulani chimene mukukonda pa pefyumu wodulayo. Ambiri amangoti "ndikufuna wonunkhira ngati wa abwana aja," ndipo wogulitsa amawapatsa chilichonse chimene chili pafupi. Pefyumu amanunkhira mosinthasintha: kuli fungo loyamba limene limatha pa mphindi zochepa, lapakati limene limakhala maola angapo, ndi lotsalira limene mumalipeza pa kolala madzulo. Aventus, yomwe inatuluka mu 2010, imayamba ndi fungo la chinanazi ndi la zipatso za mtundu wa mandimu, kenako pamabwera kafungo ka utsi wa nkhuni. Sauvage imayamba ngati mandimu ndi tsabola, n'kutsala ndi ambroxan uja. Dzifunseni ngati mtima wanu uli pa zipatso, pa zotsekemera ngati vanila, pa matabwa ndi utsi, kapena pa fungo lozizirira la munthu wongosamba kumene. Mukadziwa zimenezi, simukusakanso botolo limodzi lokha, mukusaka banja lonse la mafungo, ndipo banja lililonse lili ndi odula ndi otchipa.

Chachiwiri, ndipo apa ndiye pagona nkhani, dziwani kuti pamsika pali mitundu itatu. Pali pefyumu weniweni wa dzina lalikulu. Pali wofananira, amene ali ndi dzina lakelake ndi kampani yodziwika imene ikumuvomereza kuti ndi wake: Club de Nuit Intense Man ya Armaf, yopangidwa ku United Arab Emirates, imadziwika padziko lonse kuti imayandikira Aventus, ndipo m'misika ya kunja mtengo wake umachepera Aventus pafupifupi kakhumi; Asad ya Lattafa imayandikira Sauvage Elixir; Explorer ya Montblanc, ya mu 2019, ili m'banja lomwelo la Aventus pa mtengo wapakati. Ndiye pali gong'a, amene waba dzina, botolo ndi bokosi la wina, wopangidwa ndi munthu amene safuna kudziwika. Gulani wachiwiriyo, wachitatuyo muthaweni. Kuti mumuzindikire, yerekezani nambala yosindikizidwa pansi pa bokosi ndi ya pansi pa botolo, ziyenera kufanana. Werengani zilembo modekha, chifukwa achinyengo amaphonya kalembedwe. Onani ngati pulasitiki yokutira bokosi yamatidwa mwaukhondo, ngati chitsekerero chikugwira, ngati mndandanda wa zosakaniza ndi dziko lopangira zalembedwa. Koposa zonse, mtengo ndiwo mboni: Sauvage yogulitsidwa pa mtengo wa nkhuku si Sauvage. Mapefyumu otchuka a ku Dubai nawonso akubedwa mayina masiku ano, choncho mayeso omwewa muwachite pa Armaf ndi Lattafa.

Wina anganene kuti, "Ngati tikufuna zotchipa, gong'a walakwa chiyani, poti ndiye wotchipitsitsa?" Yankho lili pakhungu lanu. Kampani yolemba dzina lake pa botolo ili ndi mbiri yoti iteteze, ndipo makampani ambiri amatsatira malire a bungwe la IFRA, limene linakhazikitsidwa mu 1973 ndipo limaika miyezo ya zosakaniza zimene zingavulaze khungu. Wopanga gong'a sayankha kwa aliyense. Mu 2015 apolisi a City of London anachenjeza anthu kuti m'mapefyumu achinyengo amene anapimidwa munapezeka zinthu zapoizoni, ngakhalenso mkodzo wa munthu. Chinthu chimene mukupopera pakhosi, pafupi ndi maso ndi mphuno, ndiponso chimene mwana wanu adzachipuma mukamunyamula, sichiyenera kuchokera kwa munthu wobisala. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Botolo lonyezimira lokhala ndi dzina lakuba ndilo mkuyu umenewo.

Chachitatu, werengani mphamvu yolembedwa pa botolo. Mawu akuti cologne anachokera ku mzinda wa Cologne ku Germany, kumene Johann Maria Farina anayamba kupanga madzi ake onunkhira mu 1709, ndipo mpaka lero Eau de Cologne ndi wopepuka: mafuta onunkhira amakhala pakati pa 2 ndi 5 peresenti, zotsalazo ndi sipiriti ndi madzi. Eau de Toilette amakhala ndi pakati pa 5 ndi 15 peresenti, pamene Eau de Parfum amakhala ndi pakati pa 15 ndi 20. Zopopera za m'zitini zija n'zopepuka kwambiri, n'chifukwa chake zimatha musanafike n'komwe pa siteshoni. Kuli kotentha ngati kuno ku Kafue, m'mphepete mwa mtsinje, fungo limauluka msanga, choncho Eau de Parfum wotchipa nthawi zambiri amakutumikirani bwino kuposa zitini zitatu. Palinso timabotolo ta mafuta opanda sipiriti, ngati ta Al-Rehab ta mamililita 6, timene mumangodzola. Mafutawa safalikira patali, koma amakhalitsa pakhungu ndipo amalowa m'thumba la malaya.

Chachinayi, yesani pakhungu lanu ndipo dikirani. Apa ndi pamene ambiri amaluzira ndalama, chifukwa amanunkhiza chitsekerero kapena kapepala, n'kulipira pomwepo. Fungo loyamba lija ndilo losavuta kukopera, ndipo wopanga wosasamala amaika mphamvu zake zonse pamenepo. Mukapita ku Lusaka, kaya ku Kamwala, ku City Market kapena m'mashopu a mu Cairo Road, pemphani kupopera pefyumu mmodzi pa dzanja lamanja ndi wina pa lamanzere. Musapitirire awiri kapena atatu, chifukwa mphuno imatopa. Musatikite. Kenako chitani zina zimene munapitira, kwerani minibasi, muyende makilomita pafupifupi 45 obwerera ku Kafue, mutuluke thukuta, mudutse m'fumbi. Mukatsika n'kulowa m'misewu ya ku Nangongwe, nunkhizani manja onse awiri. Limene latsala pamenepo ndilo fungo limene mukugula. Funsaninso mayi a kunyumba kapena mlongo wanu, poti iwo ndi amene adzakhale nalo tsiku ndi tsiku. Ngati pakhungu payamba kuyabwa, kutentha kapena kutuluka tizilonda, sambani ndi sopo ndipo pefyumu ameneyo mumuiwale, kaya ndi wotchipa kaya wodula. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachisanu, gulani pang'ono ndipo werengerani mtengo wa tsiku limodzi. Kupopera kamodzi kumatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mililita, kutanthauza kuti botolo la mamililita 100 limapopera pafupifupi ka 1,000. Ngati mumapopera kanayi patsiku, likufikitsani masiku 250, yomwe ndi miyezi yoposa isanu ndi itatu. Gawani mtengo wa botolo ndi masiku amenewo. Botolo lotchipa limene muyenera kupopera kakhumi m'mawa n'kubwerezanso masana likhoza kukudyerani ndalama zambiri kuposa lina lokwererako pang'ono limene likufuna katatu kokha. Musanagule botolo lalikulu, yambani ndi kabotolo ka mamililita 10, kamene kangakufikitseni masabata atatu, okwanira kudziwa ngati fungolo silikutopetsani. Anthu amene amagulitsa pefyumu wothira m'timabotolo ndi othandiza pa ntchito imeneyi, koma pemphani kuona botolo lalikulu limene akutungamo, ndipo athire inu mukuona. Abale kapena anzanu atatu angathenso kusonkha ngati chilimba, kugula botolo limodzi lenileni n'kugawana. Pa shopu iliyonse tengani lisiti, chifukwa mukagulitsidwa chinthu chonama muli ndi ufulu wokadandaula ku Competition and Consumer Protection Commission, ndipo popanda lisiti mlandu wanu umakhala wopanda miyendo.

Chachisanu ndi chimodzi, samalirani chimene mwagula. Dzuwa, kutentha ndi mpweya zimaononga pefyumu: mtundu umada, fungo limasasa. Choncho musagule botolo limene lakhala likuwotha dzuwa pa tebulo la pamsika kapena pa windo la kantemba. Kunyumba musaliike pa windo kapena pamwamba pa kabati pafupi ndi malata, pamene pamatentha ngati uvuni masana. Libwezereni m'bokosi lake, muliike pansi m'sutikesi kapena pakati pa zovala. Podzithira, yambani mwasamba, chifukwa pefyumu wothira pa thukuta la dzulo amabala fungo lachitatu loipa kuposa onse awiri. Dzolani pang'ono Vaseline wopanda fungo pakhosi ndi pamanja, kenako poperani, poti khungu louma silisunga fungo. Mukasiya kudzimva nokha pakapita ola, musafulumire kuonjezera: mphuno yanu yazolowera, koma amene mwakhala nawo pa benchi kutchalitchi akumvabe.

Pali madandaulo awiri amene ayenera kuyankhidwa moona mtima. Loyamba ndi lakuti wofananira safika pa weniweni. Zimenezi n'zoona pang'ono. Club de Nuit Intense Man imayamba mwaukali, ngati mandimu owawa, pamene Aventus imayamba mosalala, ndipo munthu wa mphuno yophunzira angasiyanitse. Koma pakapita theka la ola kusiyanako kumachepa, ndipo amene mukupatsana nawo moni sanyamula botolo lina loyerekezera. Lachiwiri ndi lakuti kufananitsa fungo ndi kuba. Nkhani imeneyi inafika ndi kumakhoti. Mu 2006 khoti lalikulu la ku France linagamula kuti fungo silitetezedwa ngati buku kapena nyimbo, pamene chaka chomwecho la ku Netherlands linaona mosiyana. Mu 2009, pa mlandu wa L'Oréal ndi Bellure, khoti la European Union linatsutsa kudyera pa dzina ndi maonekedwe a malonda a wina. Chimene malamulo amateteza mosakayika ndi dzina ndi chizindikiro. Makampani akuluakulu nawonso amatengerana: Cool Water ya Davidoff, ya mu 1988, imadziwika kuti imafanana ndi Green Irish Tweed ya Creed, ya mu 1985, ndipo onse awiri akugulitsidwabe mwaulemu. Amene amakonda luso la wopanga woyamba ndipo ali nazo ndalama, agule weniweniyo, sakulakwa. Wolakwa ndi amene akuika dzina la mnzake pa madzi ake.

Choncho mukadzaima kutsogolo kwa mabotolo mwezi ukatha, musachite manyazi kufunsa wogulitsa kuti, "Achimwene, uyu wapangidwa ndi ndani, ndipo ndingamuyese padzanja?" Wogulitsa wachilungamo adzakuyankhani ndipo adzakulolani kupita n'kubweranso mawa. Amene akukukakamizani kulipira msanga wakuuzani kale zonse zimene muyenera kudziwa. Sankhani botolo lonena zoona za dzina lake, limene lapirira ulendo wa minibasi padzanja lanu, ndiponso limene mtengo wake sukuchotsa ndiwo pa mbale ya ana. Mukalowa pakati pa anthu mwasamba, mwavala zochapa, kafungo kakumveka pang'ono kwa amene wayandikira, mwapeza chonse chimene botolo la madola 400 likanakupatsani, ndipo ndalama ya lendi ikadali m'thumba.