Phunziro la Mwezi Uno: Ana Otsala m'Mbuyo

Werengani: Luka 15:1-7 ndi Mateyu 20:1-16.

Abale okondedwa a ku mapiri a Dowa ndi Nchisi, phunziro la mwezi uno linena za ana amene sitiwaona pa sukulu, cinkana tiwaona tsiku ndi tsiku pa mudzi. Belu likalira m'mawa, anzao atsika phiri ndi makope m'manja. Koma iwo apita ku dambo ndi ng'ombe za eni, kapena asoka fodya m'cigafa, kapena alera khanda pakuti amai ali ku ganyu. Tsono tifunsane: Kodi mwana wotere ali nalo khomo lina lolowera? Ndipo adzamfikitsa pa khomolo ndani?

1. Nkhosa yosawerengedwa

M'fanizo la Ambuye, mbusa anazindikira kuti nkhosa imodzi palibe cifukwa anaziwerenga. Akadangoyang'ana khola ndi kuti, Ladzala, yotayikayo ikadagona kuthengo kufikira fisi ataipeza.

M'caka ca 1994 Boma linacotsa malipiro a sukulu za pulaimale, ndipo ana olembedwa anacuruka kucokera pafupi 1,900,000 kufikira pafupi 3,000,000. Khola linadzaladi, ndipo tiyamika. Komatu ambiri analowa pa khomo ndi kuturukanso asanadziwe kuwerenga bwino. Zowaturutsa muzidziwa nokha: njala ya mwezi wa Januwale ndi Febuluwale, usiwa, umasiye, mitsinje yodzala m'dzinja, nchito ya fodya, ndi ukwati wofulumira. Palinso manyazi. Mnyamata akabwereza kalasi kawiri kapena katatu, apezeka ali kukhala pakati pa tiana tating'ono, mau ace atayamba kale kukula. Anzace amseka, ndipo tsiku lina sabweranso. Mphunzitsi wa ana 100 sakhoza kumlondola kwao. Dzina lace licoka m'kaundula, ndipo kuyambira pomwepo palibenso womuwerenga.

2. Khomo laciwiri

Cifukwa ca ana otere, m'caka ca 2006 Unduna wa Maphunziro, mothandizana ndi bungwe la ku Germany lochedwa GTZ, unayamba sukulu za mtundu wina, zimene dzina lace ndilo Complementary Basic Education, mwacidule CBE. Anayamba kuziyesa m'maboma atatu, ndiwo Nchisi, Lilongwe ndi Chikwawa. Cotero mapiri athu ano anali pakati pa malo oyamba.

Makonzedwe ace anali otere. Analandira anyamata ndi asungwana a zaka 9 kufikira 17, amene sanapiteko ku sukulu, kapena analeka asanatsirize Sitandade 5. Maphunziro a zaka 5 anawapanikiza kuti atheke m'zaka 3, kuti wotsiriza akhoze kukalowa Sitandade 6. Ndipo wamkulu wosakhoza kubwerera ku sukulu aturuke wodziwa kuwerenga, kulemba ndi kuwerengetsa. Anaphunzitsanso za ulimi ndi za umoyo. Ophunzitsa sanacokere kutali. Anali anyamata ndi asungwana a m'midzi yomweyo amene anafika ku sekondale. Maora a tsiku anali owerengeka, ndipo eni mudzi anali ndi mau pa kusankha nthawi yophunzira, kuti mwana asalekeretu nchito ya pakhomo.

Taonani nzeru yace: sukulu inadzicepetsa kuti ilingane ndi moyo wa mwana wosauka, pakuti mwanayo sanakhoza kulingana ndi sukulu.

3. Njira imene makolo athu anaidziwa

Wina asanene kuti ici ncacilendo. A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok atamanga Misyoni ya Mvera m'dziko la mfumu Chiwere m'caka ca 1889, ndi Robert Blake ya Kongwe m'caka ca 1894, sanayembekeze kuti ana onse akwere ku Misyoni. Anatuma aphunzitsi a m'dziko momwemo kukayamba tisukulu ta m'midzi, ta mitengo ndi udzu, tophunzitsa m'cinenero ca eni ace. M'menemo munakhala ana pamodzi ndi akulu misinkhu, ndipo ambiri a agogo athu anadziwira Mau a Mulungu pomwepo.

Ngakhale Sande Sukulu inayamba motero. M'caka ca 1780, m'mzinda wa Gloucester ku England, Robert Raikes anaona ana osauka amene anagwira nchito masiku 6 pa sabata, osaona sukulu konse. Iye sanati, Alekeni, nthawi alibe. Anatenga tsiku limodzi limene anali nalo, nalemba akazi ena kuti awaphunzitse kuwerenga. Tsono Eklesia akaiwala ana otsala, waiwala ciyambi ca sukulu zace zomwe.

4. Kodi sanacedwe?

Ena adzati, M'mera mpoyamba. Mwana wa zaka 14 adzaphunziranji? Inde, mwambiwo ngoona, ndipo cifukwa cace tifulumize ana aang'ono. Koma mlimi wanzeru, mbeu zikapanda kumera m'mapando ena, sasiya mzere uli gwa! Abwerera napakiza, ndipo cimanga copakizaco cilowanso m'nkhokwe.

Lingalirani fanizo laciwiri lija. Mwini munda wamphesa anaturuka kasanu tsiku limodzi kukafuna anchito, ndipo dzuwa litapendeka anapezabe ena ali ciimire. Sanali aulesi ai, panalibe wowaitana. Ndipo zindikirani kuti sanadze okha ku munda: mwini munda ndiye anawatsata. Momwemonso mwana amene anasekedwa kamodzi sadzafika yekha pa khomo laciwiri, lingakhale lotseguka cotani. Boma likhoza kulemba buku ndi kulipira wophunzitsa, koma silidziwa nyumba imene mwanayo agona. Ife tiidziwa.

5. Nchito yathu

Poyamba, tiwerenge. Mkulu wa mpingo ali yense, poyendera dera lace, alembe maina a ana a msinkhu wa sukulu amene ali pakhomo, ndi cifukwa cace. Asalembe ana a Akristu okha, komanso a iwo a kudambwe ndi a mipingo yina. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Kaciwiri, timasule nthawi ya mwana. Pano mpamene pali mtanda. Mkristu amene ali ndi ng'ombe ndi kulemba mwana wamasiye ubusa, kapena womsoketsa fodya kuyambira m'mawa kufikira madzulo, pamene ana ace a iye mwini ali m'kalasi, ayankhe mlandu umenewu mumtima mwace asanadze ku Mgonero.

Kacitatu, titsegule nyumba. Nyumba zathu zopemphereramo zikhala zotseka masiku ambiri a sabata, ndipo m'midzi muli anyamata ndi asungwana otsiriza Fomu 4 amene akhoza kuphunzitsa. Kumene kuli sukulu ya ana otsala, tiicirikize. Kumene kulibe, akulu akapangane ndi mfumu ndi mphunzitsi wamkulu.

Kacinai, amai a Cigwirizano akumbukire asungwana. Kuyambira 1993 Boma linalola kuti msungwana amene anacira abwerere ku sukulu, ndipo m'caka ca 2017 malamulo akulu a dziko anakonzedwa kuti ukwati usacitike munthu asanafike zaka 18. Koma lamulo silibereka khanda kumbuyo; afunika agogo kapena mnansi wolisunga maora ocepawo.

Potsiriza, ticenjere. Khomo laciwiri lisakhale cifukwa cakuti kholo linene, Ayambe waweta mbuzi, adzaphunzira pambuyo. Ndi mlatho wobwezera mwana kwa anzace. Munthu samanga nyumba pa mlatho.

Mafunso a m'makalasi ndi m'miraga

1. Mbusa anadziwa bwanji kuti nkhosa imodzi yatayika?
2. Cifukwa ninji anchito otsiriza aja anali ciimire tsiku lonse?
3. M'mudzi mwanu muli ana angati osapita ku sukulu? Muwadziwa maina ao?
4. Kodi pakhomo panu pali mwana wogwira nchito nthawi ya sukulu? Mudzacitanji mwezi uno usanathe?

Mbusa Wabwino atipatse maso akuwerenga ndi miyendo yakulondola.