Thukuta ndi Kukokana kwa Minofu pa Mpikisano wa Tenesi wa ku Paris

Chaka ndi chaka, kumapeto kwa mwezi wa Meyi ndi kumayambiriro kwa Juni, mu mzinda wa Paris ku France mumachitika mpikisano waukulu wa tenesi wotchedwa Roland Garros. Tenesi ndi masewero amene anthu awiri amamenyerana kampira modutsitsa pamwamba pa ukonde, aliyense atagwira chomenyera m'manja. Opikisana kumeneko sasewera kuti angotaya nthawi ayi. Tenesi ndiyo ntchito imene amadyera. Amuna 128 amapikisana paokha, akazi 128 nawonso paokha, ndipo wofuna chikho ayenera kugonjetsa anzake 7 motsatizana m'masabata awiri. Kuyambira chaka cha 2007 mphotho ya akazi ndi yofanana ndi ya amuna.

Mwa mipikisano 4 ikuluikulu ya tenesi pa dziko lapansi, uwu wokha ndiwo umachitikira pa bwalo la dothi. Koma dothi lake si la m'munda. Pansi amayala miyala, kenaka amatsendera laimu, ndipo pamwamba penipeni amawaza fumbi la njerwa zootcha zosinja, lochindikala pafupifupi mamilimita 2 okha. Fumbi limeneli ndilo limafiiritsa bwalo, ndipo antchito amalisesa ndi kulithira madzi kuti lisauluke ndi mphepo.

Bwalo lotere limachitira chifundo mawondo, pakuti wosewera amatha kutsetsereka m'malo moima mwadzidzidzi. Koma mtima, mapapo ndi minofu silizichitira chifundo konse. Mpira ukagwa pa fumbilo umachepa liwiro ndi kunjanja m'mwamba, motero mnzake amapeza nthawi youfikira ndi kuubweza, ndipo kumenyerana kumatalika. Tsono tenesi ilibe wotchi yothetsa masewero monga mpira wa miyendo. Amuna amasewera kufikira wina atapambana zigawo 3 mwa 5, akazi zigawo 2 mwa 3, ngakhale dzuwa liswe mtengo. M'chaka cha 2004 Fabrice Santoro ndi Arnaud Clément analimbana maola 6 ndi mphindi 33, mpaka mdima unawalekanitsa ndipo anadzatsiriza m'mawa mwake. Masewero otsiriza a amuna a 2025, pakati pa Carlos Alcaraz ndi Jannik Sinner, anatenga maola 5 ndi mphindi 29. Kupuma kwake kumakhala kwa masekondi 90 posinthana mbali.

Kodi thupi la munthu limatani likagwira ntchito yotere? Yankho linaoneka poyera pa 5 Juni 1989. Tsikulo mnyamata wa ku America wa zaka 17, Michael Chang, anakumana ndi Ivan Lendl, amene panthawiyo anali katswiri woposa onse pa dziko, ndipo anali atatenga kale chikho cha ku Paris katatu. Lendl anapambana zigawo ziwiri zoyamba, anthu nkumati nkhani yatha. Chang anapambana chachitatu, koma m'chigawo chachinayi minofu ya m'miyendo mwake inayamba kukokana. Aliyense amene anadzidzimukapo usiku katumba ataumirira ngati mwala akudziwa ululu wake. Mnyamatayu anali nawo pamaso pa khamu la anthu, akuyenera kuthamangabe.

Chang anayamba kumenyera mpira m'mwamba kwambiri kuti uzichedwa kutsika, iye napezako mpweya. Pa nthawi yopuma ankamwa madzi ndi kudya nthochi, ndipo chakumapeto analeka kukhala pa mpando poopa kuti sadzatha kudzukanso. M'chigawo chachisanu anatsala pang'ono kugonja, koma anapirira. Pena, mphamvu zitamuthera, anayambitsa mpira moumenyera m'munsi monga amachitira ana ophunzira kumene, ndipo Lendl anasokonezeka. Patatha maola 4 ndi mphindi 37 Chang anapambana, nagwa pansi akulira. Masiku angapo pambuyo pake anagonjetsa Stefan Edberg natenga chikho, ndipo kufikira lero palibe mwamuna wamng'ono kuposa iye amene anapambanapo umodzi wa mipikisano ikuluikulu ija. Chaka chomwecho chikho cha akazi chinapitanso kwa mtsikana wa zaka 17, Arantxa Sánchez Vicario wa ku Spain, amene anagonjetsa Steffi Graf.

Anthu ambiri akamva nkhaniyi amati nthochi ndizo zinachiza Chang. Apa mpofunika kusamala. Nthochi ndi chakudya chabwino, ndipo shuga wake amabwezeretsa mphamvu msanga, koma si mankhwala a minofu yokokana. Mchere umene thupi limataya kwambiri m'thukuta ndi wofanana ndi uja wothira m'ndiwo, ndipo m'nthochi mcherewo mulibe wokwanira. Wosewera tenesi padzuwa angathe kutaya thukuta lokwana lita imodzi kapena malita awiri pa ola limodzi. Munthu wolemera makilogalamu 60 akataya madzi opitirira pang'ono lita imodzi osabwezera, mphamvu zake zimayamba kale kuchepa: magazi amachepa, mtima umagunda msanga, mutu umawawa, ndipo thupi limalephera kudziziziritsa.

Kale aphunzitsi a zaumoyo ankanena kuti kukokana konse kumadza chifukwa cha kuchepa kwa madzi ndi mchere. Lero kwadziwika kuti chimenechi ndi chifukwa chimodzi chabe. China chachikulu ndi kutopa kwa mnofu weniweniwo: mnofu ukagwira ntchito yoposa imene unazolowera, mitsempha youlamulira imasokonezeka ndi kumaukoka osaumasula. Nkhawa nayonso imathandizira. M'chaka cha 2023, pa bwalo lomwelo la ku Paris, Alcaraz ali ndi zaka 20 anagwidwa ndi kukokana m'manja ndi m'miyendo kumayambiriro kwa chigawo chachitatu polimbana ndi Novak Djokovic. Mnyamatayu anali ndi madzi, zakumwa zamchere ndi anthu omusamala, komabe anauma thupi. Mwini wake ananena pambuyo pake kuti mantha ndi kumangika mtima ndizo zinamuchititsa. Malamulo a tenesi salola kuimitsa masewero chifukwa cha kukokana monga amachitira munthu akavulala, choncho analolera kupatsa mnzakeyo mapointi kuti nthawi yopuma ifike msanga athandizidwe. Zigawo ziwiri zotsalazo anagonja mosavuta.

Thupi la katswiri wa ku Paris ndi la mlimi wogalauza m'dzuwa la Okutobala sizisiyana kapangidwe. Kusiyana kulipo nkwakuti katswiri ali ndi botolo pambali pa mpando wake ndipo amamwa pang'onopang'ono nthawi iliyonse yopuma, pamene mlimi kawirikawiri amapita kumunda m'mamawa wopanda madzi, nadikira kuti akamwe pobwerera. Ludzu likamafika pakhosi madzi amakhala atachepa kale. Chizindikiro chosavuta ndi mkodzo: ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, thupi likusowa madzi. Wogwira ntchito yolemetsa padzuwa ayenera kumwa asanayambe, kutenga madzi aukhondo m'chigubu chotseka, ndi kupuma pamthunzi nthawi ndi nthawi. Thobwa ndi phala lamadzimadzi zimathandiza. Mowa umangoonjezera vuto. Mchere wa m'ndiwo umakwanira anthu ambiri, ndipo odwala matenda othamanga magazi asaonjezere mchere popanda kufunsa kuchipatala.

Mnofu ukakokana, munthu aleke ntchito, akhale pamthunzi, ndipo auwongole pang'onopang'ono. Ngati ndi katumba, atambasule mwendo ndi kukokera zala za phazi cha kumaso kwake kufikira kuumirira kutaleka, kenaka asisite mofatsa ndi kumwa madzi. Kumenya mnofu ndi zibakera kapena kuutema mphini sikuthandiza kanthu.

Koma pali zizindikiro zina zosafunika kudikira. Munthu amene wakhala padzuwa akatentha thupi kwambiri, nayamba kubwebweta, kudzandira, kusanza kapena kukomoka, moyo wake uli pangozi. Anzake amugoneke pamthunzi, amumasule zovala, amuthire madzi ozizira thupi lonse ndi kumukupiza. Ngati ali maso ndipo akutha kumeza, amupatse madzi pang'onopang'ono. Wokomoka asamumwetse kanthu, amugoneke chammbali. Atatero apite naye kuchipatala msanga, akumuziziritsabe m'njira monse.