Makina osemera zitsulo akhale molunjika

 Lero tilankhule ndi inu amisiri a ku Entre Lagos, Mandimba, Ngauma ndi Cuamba amene mwagula makina osemera zitsulo, aja ena amati lathe, ena torno.

Vuto ndi ili: mwasema shafuti ya chigayo, koma yatuluka yonenepa uku, yowonda uku. Mwini chigayo wabweza. Nthawi zambiri si mpeni wolakwa ayi, ndi pamene mwakhazika makinawo.

Muwakhazike pa simenti yolimba, osati pa dothi kapena pa matabwa. Ikani levulo pamwamba pake, m'litali ndi m'lifupi. Mwendo ukalendewera, lowetsani kachitsulo kopyapyala pansi, kenako mangani mabawuti. Inu oyandikira njanji, sitima za malasha zochokera ku Moatize zimagwedeza nthaka, ndiye muziyezanso kawirikawiri.

Nsonga ya mpeni ikhale pakatikati penipeni pa chitsulo. Isakwere, isatsike. Yambani mwayesa pa chitsulo chotha ntchito, ndipo musayatse makina kiyi ali pa chaki.

Tibwereze: simenti yolimba, levulo, mabawuti. Simenti yolimba, levulo, mabawuti.