Wodwala akasiya mankhwala, yambani ndi funso

Botolo la ma ARV latha sabata osatsegulidwa. Kapena ndi mapiritsi a TB, oyenera kumwedwa miyezi 6, omwe mwini wake wawasiya chifuwa chitangoleka. M'makomo mwathu muno kwa Mbenje zikatero timakalipa, timaopseza ndi maliro, mwinanso kuitana ankhoswe. Bambo amangoti "ndamva", n'kunyamula khasu, ulendo wa kudimba.

Mu 1983 William Miller, katswiri wa ku America yemwe ankathandiza anthu omwa mowa mwauchidakwa, analemba zomwe anaona: munthu ukamuumiriza kusintha, amayamba kuikira kumbuyo khalidwe lomwelo, koma chifukwa chosinthira chikatuluka m'kamwa mwake, amachigwiritsa. Iye ndi Stephen Rollnick anatulutsa buku la njirayi mu 1991. Ndi ya azaumoyo, komabe ndikuona kuti pakhonde imatheka.

Nthawi yokambirana ndi wodwalayo isakhale masana dzuwa likuswa mtengo, kapena munthu atalawa kachasu, kapena ana ali pomwepo. Dikirani madzulo mutadya.

Funsani modekha: "Bambo, mankhwalawa akukuvutani pati?" Mukatero khalani chete. Apa m'pamene ambiri timalephera, pakamwa pamayabwa. Pirirani, mumva zomwe simunaziganizire: chizungulire akamwa ali ndi njala, ndalama ya kabaza wopita kuchipatala, manyazi oonedwa pamzere ndi anansi. Abwezereni mawu awo omwe: "Ndiye kuti chakukulirani ndi njala, osati mankhwala enieniwo?" Ngati mwaphonya akukonzani okha, ndipo nkhani yayamba kuyenda.

Pali funso lina lomwe ndimalikonda. "Pa 10, mtima wofuna kuyambiranso mungaupatse zingati?" Akati 4, musanene kuti zachepa. Funsani kuti, "Nanga bwanji 4, osati 1?" Kuti ayankhe, ayenera kutchula okha zomwe zikuwakokera ku moyo: mwana yemwe ali Sitandade 8, chimanga cha kudimba chosowa wothirira, ukonde womwe wangokhala osalowa mu Shire. Zifukwa zimenezo n'zawo, sangazitsutse mawa.

Malangizo anu abwere pambuyo, ndipo mupemphe kaye: "Ndinene zomwe anandiuza a nesi?" Akakana, zisiyeni, mudzayesenso tsiku lina. Akalola, nenani mwachidule, kenako muwasiyire kusankha chochita chimodzi chaching'ono, kaya kukaonana ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, kaya kubwerera kuchipatala Lolemba ndi kabuku kawo. Akachita, ayamikireni pa chomwe achitacho, osakumbutsa za masabata aja anadumpha.

Koma ngati akutsokomola magazi, akubanika, akulankhula zosokonekera, kapena mutu ukuwawa kwambiri khosi litauma, musachedwe ndi mafunso. Pezani njinga kapena njinga yamoto, apite kuchipatala tsiku lomwelo.