Kuyeza kulemera kwa ntchito munthu asanavulale

Thumba la simenti limalemera makilogalamu 50. La feteleza chimodzimodzi. Ndowa ya malita 20 ikadzaza madzi imalemera makilogalamu 20, osawerengera ndowayo. Manambala amenewa ngodziwika kwa aliyense m'boma la Ntcheu chifukwa amakhudza ndalama, ndipo palibe wogula amene amalola kuberedwa pa sikelo. Chodabwitsa n'chakuti katundu amayezedwa mosamala chotere pamene ntchito yomunyamula siyezedwa. Wolemba ganyu amakambirana mtengo wotsitsira matumba 100 m'galimoto, koma safunsa kuti msana wa munthu mmodzi ungapirire matumba angati dzuwa lisanapendeke.

Munthu akavulala pa ntchito, anthu amathamangira kunena kuti ndi tsoka. Zoona, ngozi zina zimagwa mwadzidzidzi, monga khoma kugumuka kapena piki kuphonya. Koma kuvulala kochuluka sikubwera tsiku limodzi. Kumayamba ngati kuphwanya kwa thupi madzulo, kenako kumasanduka ululu wa m'chiuno umene sutha ngakhale munthu atagona, mpaka m'mawa wina iye amalephera kuwerama kuti atole khasu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linapeza kuti m'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 619 miliyoni ankadwala msana, ndipo vutoli ndilo limatsogola pa zinthu zolepheretsa anthu kugwira ntchito zawo. Kwa munthu wodalira ganyu ndi munda, msana ukagwira mu Novembala ndiye kuti mizere sithanso, mbewu zilowa m'nthaka mochedwa, ndipo banja lonse lidzamva ululu womwewo m'miyezi ya njala.

Kuyeza ntchito ndi kuiona bwinobwino munthu asanapatsidwe, pofuna kudziwa zimene ntchitoyo ikufuna ku thupi lake. Sikufuna makina odula. Sikelo, wotchi, chingwe choyezera ndi kope n'zokwanira, bola woyezayo apite pamalo pamene ntchito ikugwiridwa. Ntchito yoyezedwa muofesi imaoneka yopepuka nthawi zonse.

Choyamba kuyeza ndi kulemera kwa katundu, ndipo pamenepa pali malire amene akatswiri anaika. Mu 1967 bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO linalangiza kuti mwamuna wamkulu asanyamule yekha katundu woposa makilogalamu 55, ndi kuti malire a amayi ndi achinyamata akhale otsika kwambiri kuposa pamenepo. Kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsa kuti ngakhale 55 ndi wochuluka. Mu 1991 bungwe la NIOSH la ku America linakonza njira yowerengera imene imayambira pa makilogalamu 23, ndipo amenewa ndi a munthu amene zonse zamuyendera bwino: katundu ali pafupi ndi thupi, ali chapamtunda osati pansi, ali ndi pogwira, ndipo akunyamulidwa mwa apo ndi apo. Ndiye kuti thumba la simenti laposa kale kawiri malire amenewa. Nanga matumba a mbatata ya kachewere a ku Tsangano ndi ku Lizulu, amene amasokereredwa mulu pamwamba kuti alowe zambiri? Wogula amakondwera nalo thumba lotere, koma mnyamata wolikweza m'lole ndiye amalipira ndi msana wake.

Komabe kulemera pakokha sikufotokoza zonse, ndipo apa m'pamene ambiri amasokonezeka. Katundu yemweyo amalemetsa msana mosiyana malinga ndi mmene wagwiridwira. Mwa kawerengedwe ka NIOSH, katundu akatalikirana ndi thupi kuchoka pa masentimita 25 kufika pa 50, malire aja amatsika ndi theka, kuchoka pa 23 kufika pa makilogalamu 11 ndi theka. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: mwala wofungatiridwa pamimba umanyamulidwa ndi miyendo, pamene mwala wogwiridwa manja atatambasuka umakoka msana ngati mmene mulingo wamadzi umapindira mtengo wautali. Kutola katundu pansi penipeni kumatsitsanso malirewo. Kupotoza chiuno katundu ali m'manja, monga amachitira woponya njerwa kapena wotaya dothi ndi fosholo kumbali mapazi ali pamodzimodzi, kumawatsitsanso. Woyeza ntchito ayenera kuima n'kuyang'ana: munthuyu akutola katunduyu pati, akumutula pati, ndipo pakati pake thupi lake likupindika motani?

Kenako pamabwera funso la kangati. Ndowa imodzi ya madzi si kanthu kwa mayi amene wakula akusenza. Koma mayi wotungira madzi pa ntchito youmba njerwa akayenda maulendo 30, khosi lake lasenza makilogalamu 600 pa tsiku limodzi, ndipo nkhata imangoteteza khungu la pamutu, kulemerako siichotsa. Woswa miyala ya kwale m'mbali mwa msewu wa M1 sanyamula chinthu cholemera kwambiri, koma dzanja lake limamenya hamala mobwerezabwereza tsiku lonse iye atakhala chopindika, tizidutswa ta miyala tikuulukira kumaso. Ntchito zotere siziopsa poziona, n'chifukwa chake zimadutsa osafunsidwa.

Malo nawo ayenera kulembedwa m'kope. Boma la Ntcheu lili ndi nyengo ziwiri m'dera limodzi. Kumapiri a Tsangano kumazizira, koma minda ili pa zitunda ndipo njira zimaterera mvula ikagwa. Wilibala yodzaza miyala potsetsereka imakoka woiyendetsa m'malo moti iye aikankhe. Kuchigwa cha Bwanje, cha ku Kasinje ndi ku Sharpevale, nthaka ndi yathyathyathya koma dzuwa la mu Okutobala limatopetsa munthu msanga, ndipo wotopa ndiye amaphonya khasu. Muyezo wa ntchito ya tsiku umene uli woyenera kumtunda nthawi yozizira sungakhale womwewo kuchigwa nthawi yotentha, monganso kukumba dothi lofewa kumasiyana ndi kukumba pa nsangalabwi.

Nkhaniyi ikukhudza mwachindunji ntchito za Mbwezera Chilengedwe, mmene anthu amakumba ngalande zosunga madzi, kuunjika miyala potseka zigwembe, kupanga akalozera ndi kudzala mitengo. Olowa m'ntchitozi amachokera m'mabanja ovutika, ndipo pagulu limodzi pamakhala mnyamata wa zaka 22, mayi woyamwitsa ndi bambo amene imvi zayamba. Kuwapatsa onse muyezo umodzi kumaoneka ngati chilungamo, koma si chilungamo. Kapitawo wanzeru amagawa ntchito monga mwa kulemera kwake: ena aswe ndi kunyamula miyala, ena aiyale, ena athire dothi m'machubu a mbande kunazale, ndipo onyamulawo azisinthana nthawi ndi nthawi.

Pamenepa pafunika chenjezo. Chimene chikuyezedwa ndi ntchito, osati munthu. Kuyezaku kukasanduka chida chochotsera amayi, achikulire kapena anthu aulumali pa mndandanda wa olandira ntchito, ndiye kuti cholinga chake chapotozedwa. Ntchito ikapezeka yolemera, choyamba kusinthidwa ndi ntchitoyo. Mwala waukulu uswedwe usananyamulidwe. Thumba la simenti ligwiridwe ndi anthu awiri. Mchenga utsitsidwe pafupi ndi pomangira m'malo mouunjika kumsewu chifukwa choti dalaivala akufulumira. Mpini wa khasu kapena wa fosholo ukhale wautali wolingana ndi msinkhu wa mwini wake. Njerwa zisanjidwe pathandala lokwera kuti womanga asamaweramire pansi pa njerwa iliyonse. Zambiri mwa izi sizidya ndalama; zimangofuna kuti wina aganize ntchito isanayambe. Malangizo akale oti munthu apinde mawondo, msana uli chilili, ndi abwino ndithu, koma sapeputsa thumba la makilogalamu 90.

Malamulo a dziko lino sali chete pa zimenezi. Lamulo la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pa ntchito la 1997 limaika udindo pa wolemba ntchito woonetsetsa kuti antchito ake ndi otetezeka. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, komanso kupatsa wosakwana zaka 18 ntchito imene ingawononge thanzi lake. Mwana wosenza matumba pamsika tsiku la sukulu akulakwiridwa kawiri. Palinso lamulo la chipukuta misozi la 2000, lokhudza amene avulala kapena kudwala chifukwa cha ntchito. Choncho makontilakitala omanga midadada ya sukulu, milatho ndi zipatala m'mawodi sachita chifundo akamagula magolovesi, majombo ndi zipewa. Akungokwaniritsa zimene lamulo likufuna. Komiti ya VDC kapena ya ADC yoyang'anira chitukuko ili ndi chifukwa chokwanira chofunsa za izi, monga imafunsira za kuchuluka kwa simenti m'matope omangira.

Wovulala asadikire kuti ululu uthe wokha. Apite kuchipatala chapafupi tsiku lomwelo, afotokoze kuti wavulala akugwira ntchito yanji, ndipo aonetsetse kuti zalembedwa m'buku lake la kuchipatala, pakuti umboni umenewu ndiwo udzafunike nkhani ikafika ku ofesi ya zantchito ya paboma. Ululu wa msana ukamatsikira kumwendo, mwendo ukachita dzanzi kapena kufooka, kapena munthu akayamba kulephera kugwira mkodzo, chimenecho si chodikira mawa kapena chongothowa ndi madzi otentha. Afulumire naye ku chipatala chachikulu cha Ntcheu.

Kapitawo nayenso asunge kope lolembamo aliyense wodandaula, ngakhale dandaulo lioneke laling'ono: tsiku, ntchito imene amagwira, ndi chiwalo chimene chikupweteka. Anthu atatu a gulu limodzi akadandaula phewa lomwelo m'sabata imodzi, ntchito imeneyo iimitsidwe kaye, ndipo komiti ibwerere pamalopo ndi sikelo ndi wotchi.