Chikhakha Chachoka, Koma Dzanja Silikupinda

Nyengo yozizira ku Glasgow kuno anthu ambiri amaterereka pa madzi oundana m'mbali mwa msewu, makamaka ife othamangira shifiti ya m'mawa kudakali mdima. Munthu akamagwa amatsogoza dzanja, ndipo fupa limathyokera pafupi ndi chikhatho. Akuchipatala amaika chikhakha kwa masabata ngati 6.

Tsiku lochotsa chikhakha ambiri timadabwa. Mkono waonda, khungu likusenda, dzanja lauma gwa, ngakhale kutsegula botolo kukukanika. Ena mpaka amati adokotala alakwitsa. Ayi ndithu. Fupa limafuna bata kuti ligwirane, pamene minofu ndi mfundo zimafuna kugwira ntchito. Mnofu ukangokhala umafota msanga. Mu 2015 akatswiri a pa University of Copenhagen anapeza kuti anyamata amene mwendo wawo unamangidwa masabata awiri okha anataya mphamvu zofika gawo limodzi mwa magawo atatu. Anyamata amenewo, nanga ife a zaka za m'ma 40? Mu mfundo namo muli timadzi toterera ngati oyilo, timene timazungulira pokhapokha mfundoyo ikamapindika. Ikakhala phee, mitsempha yoizungulira imafupika n'kulimba.

Choncho musadikire kuti chikhakha chichoke. Zala zili panja, muzizipinda ndi kuziwongola kangapo pa tsiku. Chimodzimodzi chigongono ngati sichinamangidwe. Phewa ndiye lomwe timaliiwala: mkono umangokhala pa chifuwa tsiku lonse, mapeto ake dzanja lachira koma phewa likukana kukwera. Zala zikachita dzanzi, kusintha mtundu kapena kutupa kwambiri, musagone nazo; imbani 111 kapena pitani ku A&E.

Dziwaninso kuti kuyambira 2011 chipatala cha Glasgow Royal Infirmary chinayamba njira yoti madokotala amaunika zithunzi za X-ray inu muli kunyumba, kenako n'kukuimbirani foni. Ena saitanidwanso kuchipatala. Izi sizitanthauza kuti basi mwachira. Ntchito yotsalayo ndi yanu. Foni ikabwera funsani mafizo oyenera, ndiponso nthawi yoyambira kunyamula zinthu. Womasulira ndi waulere, musachite manyazi kumupempha. Kwa a mafizo a NHS mutha kudzilembetsa nokha osadzera kwa GP.

Vuto lathu lenileni ndi ndalama, tisanamizane. Renti ikudikira, kumudzi akufunsa za fetereza, ndiye munthu chikhakha chachoka Lachitatu, Lolemba ali kale ku care home kutembenuza agogo pa bedi. Dzanja lofooka likamasuka mwadzidzidzi, mupweteka anthu awiri, ndipo ntchito ingathere pomwepo. Pemphani fit note yonena kuti muyambe ndi ntchito zopepuka kapena maola ochepa. Kuyambira 2022 ngakhale a mafizo amaloledwa kulemba kalatayi. Mphamvu zimatenga miyezi kuti zibwerere mwakale, choncho auzeni abwana zimenezi asanakuikeni pa rota.