Mpweya wogonetsa sumathera mwa wodwala

Mayi wa ku Majaua mimba ikavuta, ulendo wake umakhala wa ku chipatala chachikulu ku Milange, kapena wodutsa pa Muloza kupita ku Mulanje. Abale amene atsala panja pa fiyeta, chipinda cha opaleshoni, mtima wawo wonse uli pa iye ndi mwana, ndipo n'zomveka. Koma m'chipindamo mulinso ana a anthu ena: wogonetsa, namwino wopatsira zida, mayi wokolopa. Ena mwa iwo ndi ana athu a m'mbali mwa mtsinje wa Ruo muno, amene tinawaphunzitsa ndi ndalama ya nandolo. Ndi iwowo amene ndikuwadera nkhawa.

Mankhwala ogonetsa onga halothane ndi isoflurane amalowa ngati nthunzi, ndipo thupi silimawamaliza. Ochuluka wodwala amawapumira kunja. Pa makina ambiri a m'zipatala zakumudzi, valavu yotulutsira mpweyawo imakhala pafupi ndi nkhope ya wodwala, pomwe wogonetsa waweramira. Wodwala amaupuma tsiku limodzi. Wantchito amaupuma zaka.

Taganizani za namwino wachitsikana amene wangoyamba ntchito m'fiyeta ya chipatala china. Chipinda n'chotseka ndithu, makina oziziritsa akungozunguza mpweya womwewo. Akugoneka kamwana, masiki ndi yaikulu, ikutayira m'mbali, kafungo kotsekemera kadzaza chipinda. Pofika masana mutu ukumuwawa, ali ndi nseru, maso akulemera. Anzake akuti, "Mudzazolowera, asisi, tonse tinayamba choncho." Iye akumwa Panado, mawa malungo akayezetsa osapezeka. Ndiye ali ndi pakati pa miyezi iwiri, ndipo monga mwa mwambo wathu sanauze munthu.

Zimene zingamuchitikire zinaonekapo kale. Mu 1967 dokotala wina wa ku Soviet Union, Vaisman, anafunsa madokotala ogonetsa a m'dziko lake za umoyo wawo. Ambiri anadandaula za mutu ndi kutopa, koma chimene chinadzidzimutsa anthu ndi ichi: pa mimba 31 za madokotala aakazi, 18 zinapita padera. Akatswiri ena anati ntchito yakalavulagaga ndi kusagona zinathandizirako, ndipo mwina n'zoona. Komabe nkhaniyi inatsegula maso, moti mu 1977 bungwe la NIOSH la ku America linalangiza kuti halothane ndi anzake asapitirire magawo 2 pa miliyoni mu mpweya wa m'chipinda, mpweya wina wogonetsa wotchedwa nitrous oxide usapitirire 25. Mlingo umenewu ndi waung'ono kwambiri, mphuno siingaumve. Ukamva fungo, dziwa kuti wadutsa kale malire. Ndiponso wogonetsa wosinza chifukwa cha mpweyawu ndi ngozi kwa mayi amene ali patebulo.

Chimene chimandipweteka n'chakuti mankhwala a vutoli sadula. Payipi yotakata yolumikiza pa valavu, yoboola khoma n'kutulukira panja, kutali ndi zenera ndi pokhala anthu odikirira odwala, imachotsa mpweya wambiri popanda magetsi. Koma payipiyo imafuna diso. Ikapindika, gudumu la tebulo likaiponda, kapena mavu akamanga chisa kukamwa kwake, wodwala amalephera kutulutsa mpweya ndipo mapapo ake akhoza kuphulika. Choncho kunjako pamafunika kasefa, ndipo m'mawa uliwonse wina azizungulira kuseri kukaona. Pomwe khoma silingabooledwe pali zitini za makala okonzedwa mwapadera zimene zimayamwa halothane ndi isoflurane, ngakhale nitrous oxide siziyamwa. Zimadzaza, ndiye zimayezedwa pa sikelo n'kusinthidwa. Chitini chimene chakhala pamenepo chaka chonse chimangonamiza anthu.

Zina zili m'manja mwa wogonetsa yekha: kusankha masiki yokwana bwino, kutseka mankhwala asanachotse masiki pankhope, kuthira mankhwala m'makina mosataya. Pa opaleshoni ya mayi wobereka, jakisoni wa pamsana akakhala wotheka, m'chipindamo simukhala nthunzi n'komwe. Chipinda chotsitsimukira odwala nachonso chimafuna mphepo yodutsa, pakuti wodwala amapitiriza kupuma mankhwalawo akutsitsimuka, namwino ataweramira pankhope pake.

Kwa inu asisi amene mukubisa mimba, ndikukupemphani. Mwambo wosaulula msanga ndimaulemekeza, koma miyezi yoyambirirayo ndi imene mwana akuumbika. Uzani munthu mmodzi yekha, mkulu wa fiyeta, mwachinsinsi, kuti akuchotseni pa ndandanda ya masiku ogoneka ana ndi masiki kufikira payipi itaikidwa. Ndipo inu akuluakulu a chipatala, namwino akabwera ndi pempho lotere musamuyese waulesi. Itanani mmisiri aboole khomalo sabata yomweyo.